Mafunso a Owerenga: Kodi Ntchito ya Katswiri wa Semantic Web Imaonekera Pati?

Mwezi uno talandira makalata atatu ochokera muno mu Lusaka, ndipo onse akukhudza gawo la sayansi ya makompyuta lotchedwa Semantic Web, lofuna kuti makompyuta azitola tanthauzo la zolembedwa pa intaneti, pamodzi ndi anthu amene analikonza. Makalatawo tawafupikitsa pang'ono, koma mfundo za eni ake tazisiya momwe zinalili.

FUNSO: Akonzi, ndine mnyamata wa chaka chomaliza pa maphunziro a makompyuta. Aphunzitsi athu anatiuza kuti tiwerenge ntchito za Pulofesa Ian Horrocks a ku yunivesite ya Oxford, ndipo nditayang'ana pa Google Scholar ndinapeza kuti mapepala awo atchulidwa ndi ofufuza ena maulendo zikwi makumi angapo. Chondidabwitsa n'chakuti Semantic Web imene imatamandidwayo sindinaionepo pa foni yanga, ndipo anzanga ena akuti inafa kalekale. Kodi munthu angatchuke bwanji chonchi chifukwa cha chinthu chimene anthu wamba sachigwiritsa ntchito?
Wophunzira, Kalingalinga

YANKHO: Mphwanga, anzanuwo akunena zoona pa mbali imodzi, ndipo tiyambire pa mbali yomweyo. M'mwezi wa Meyi chaka cha 2001, a Tim Berners-Lee, amene anayambitsa World Wide Web ali ku CERN m'chaka cha 1989, analemba nkhani m'magazini ya Scientific American pamodzi ndi a James Hendler ndi a Ora Lassila. M'nkhaniyo analongosola za tsogolo limene mapulogalamu azidzayendayenda okha pa intaneti, kufunafuna wachipatala woyenera, kuona ngati inshuwalansi ya wodwala ikumulola, kenako n'kupangana naye tsiku, ndipo zonsezo zinayenera kutheka chifukwa masamba a pa intaneti akanalembedwa mwa njira imene makina angatolemo tanthauzo. Tsogolo limenelo silinafike monga momwe analilembera, makamaka chifukwa eni masamba ambiri sanaone phindu lotayira nthawi yawo kulongosolera makina zimene alemba. Koma zida zimene zinakonzedwa pofuna kukafika kumeneko sizinatayidwe. Zinalowa m'ntchito za zipatala, za malaibulale ndi za makampani akuluakulu, kumene zimagwira ntchito kuseri, ndipo n'chifukwa chake simuziona pa foni yanu ngakhale mumadya phindu lake.

Kuti mumvetse zimene a Horrocks anachita, yambani mwaliona vuto lenilenilo. Mukatchula Chipata, munthu wa muno mu Lusaka amayamba wafunsa ngati mukunena mzinda wa kum'mawa uja kapena komboni ya Chipata ya konkuno, pamene kompyuta imangoona zilembo zofanana basi. Siingadziwenso yokha kuti Fort Jameson wa m'mabuku akale ndi mzinda womwewo wa Chipata, kapena kuti Broken Hill wa m'makaundula a migodi ndi Kabwe wathuyu osati tauni ya ku Australia ya dzina lomwelo. Yankho loyamba linali RDF, muyezo umene unavomerezedwa m'chaka cha 1999 ndi W3C, bungwe loyang'anira miyezo ya pa Web. Mu RDF chinthu chilichonse chimapatsidwa adiresi yakeyake imene siingasokonezeke ndi ya chinzake, ndipo mfundo iliyonse imalembedwa m'zigawo zitatu: chinthu chimene chikunenedwa, ubale wake, ndi chinthu chimene chili nacho pa ubalewo. Mfundo yakuti Lusaka ndi likulu la Zambia ikalembedwa chotero, kompyuta ya ku Ndola ndi ya ku Tokyo zimaiwerenga mofanana.

Komatu kupereka maina osasokonekera ndi theka chabe la ntchito. Pamafunikanso ontology, ndiko kuti ndondomeko yolongosola mitundu ya zinthu zopezeka m'gawo lina la moyo, ubale wa mitunduyo, ndi malamulo amene ubalewo umatsata. Tikaiuza kompyuta kuti mlongo wa mayi a munthu ndiye malume ake a munthuyo, kenako n'kuiuza kuti mwana uyu anabadwa kwa mayi awa ndipo mayiwa ali ndi mlongo wawo uje, pulogalamu yolingalira iyenera kutulukira yokha amene ali malume popanda wina kuilembera. Iyeneranso kuchenjeza ikapeza kuti malamulo awiri amene yapatsidwa akutsutsana. Pa banja limodzi zimenezi n'zosavuta, koma pa maina zikwizikwi a matenda, a ziwalo za thupi ndi a mankhwala, amene lililonse limakhudzana ndi ena ambiri, ntchitoyo imakula moti kompyuta ikhoza kuyamba kuwerengera osamaliza.

Apa ndi pamene a Horrocks analowerapo. M'zaka za m'ma 1990, akatswiri a nthambi ya masamu yotchedwa description logic anali atatsimikiza kale kuti chilankhulo cholembera malamulo chikakhala chotha kunena zambiri, nthawi yolingalira ikhoza kukula moopsa, choncho ambiri ankadula zilankhulo zawo kuti zikhale zosauka koma zachangu. Pa digiri yawo ya PhD imene anamaliza ku yunivesite ya Manchester m'chaka cha 1997, a Horrocks analemba pulogalamu yotchedwa FaCT n'kuiyesa pa GALEN, ontology yaikulu ya mawu a zachipatala imene gulu la a Alan Rector linkakonza. Anaonetsa kuti mavuto oopsa amene masamu amalosera sabwera kawirikawiri pa ma ontology olembedwa ndi anthu pa ntchito zenizeni, malinga pulogalamuyo ikonzedwe mwanzeru kuti isamabwererenso m'njira zimene yaona kale kuti n'zotsekeka. Kwa ine, imeneyi ndiyo ntchito yawo yaikulu koposa, chifukwa inachotsa mantha amene ankachititsa kuti anthu azisankha pakati pa chilankhulo cholemera ndi pulogalamu yogwira ntchito.

Chotsatira chinali kusandutsa nzeruzo kukhala muyezo wa dziko lonse. Ku America bungwe la boma loyang'anira kafukufuku wa zachitetezo la DARPA linali ndi ntchito yotchedwa DAML imene a Hendler ankayang'anira, pamene ku Ulaya a Horrocks, a Frank van Harmelen, a Dieter Fensel ndi anzawo ankakonza chilankhulo chotchedwa OIL. Mbali ziwirizo zinaphatikiza ntchito zawo kukhala DAML+OIL, ndipo kuchokera pamenepo W3C inavomereza chilankhulo cholembera ma ontology chotchedwa OWL pa 10 Febuluwale 2004. OWL yoyambayo inali ndi malire ake, ndipo limodzi mwa malirewo linali lakuti lamulo la malume lija silinkalembeka, popeza limafuna kulumikiza maubale awiri motsatizana. M'chaka cha 2006 a Horrocks, a Oliver Kutz ndi a Ulrike Sattler anasindikiza masamu otchedwa SROIQ amene anaonetsa momwe malamulo oterowo angaloledwere popanda kuika pulogalamu pa ngozi yowerengera kosatha, ndipo masamuwo ndiwo anakhala maziko a OWL 2, imene inavomerezedwa mu Okutobala 2009. Muyezo wotere uli ngati meda ya pa msika wa Soweto: palibe wogula chimanga amene amafunsa dzina la munthu amene anayamba kuyezera m'meda, koma malonda amayenda chifukwa wogula ndi wogulitsa anagwirizana kale za kukula kwake.

Nanga zimenezi zikugwira ntchito kuti lero? SNOMED CT, mndandanda wa mawu a zachipatala umene uli ndi mfundo zoposa 300,000, umalongosoledwa ndi gawo la OWL 2 lotchedwa EL, ndipo mapulogalamu olingalira ndi amene amaona kuti matenda aliwonse akhala pansi pa mtundu wake woyenera. Gene Ontology, imene inayamba m'chaka cha 1998, imapezeka mu OWL ndipo akatswiri a zamoyo amaidalira polongosola ntchito za ma gene, tinthu ta m'thupi timene timanyamula chibadwa. ICD-11, ndondomeko ya matenda ya bungwe la WHO imene inayamba kugwira ntchito mu Januwale 2022, inakonzedwa ndi zida zochokera ku Protégé, pulogalamu yolembera ma ontology ya ku yunivesite ya Stanford. Mbali imene ili pafupi kwambiri ndi foni yanu ndi schema.org, mndandanda wa mawu olongosolera makina zimene zili pa masamba a intaneti, umene Google, Bing ndi Yahoo anayambitsa m'chaka cha 2011, komanso Knowledge Graph ya Google ya m'chaka cha 2012, imene imakutulutsirani kabokosi ka mfundo mukafufuza dzina la munthu kapena la mzinda. Pano tiyenera kunena mosakondera kuti makampani ofufuzira pa intanetiwa anatenga mbali yopepuka ya nzeruzi, ndipo masamu olemera a OWL sanawatsate kwenikweni. Masamuwo anapeza malo kumene kulakwitsa kumawononga zambiri, monga m'zachipatala ndi m'mafakitale. Gulu la ku Oxford linagwirapo ntchito ndi makampani a Statoil ndi Siemens pa ntchito yotchedwa Optique, ndipo kampani ya Oxford Semantic Technologies, imene a Horrocks anakhazikitsa ndi a Boris Motik ndi a Bernardo Cuenca Grau m'chaka cha 2017, inagulidwa ndi Samsung m'chaka cha 2024 chifukwa cha pulogalamu yake yolingalira ya RDFox.

Choncho chiwerengero chimene munachiona pa Google Scholar musachinyoze, koma musachiyesenso kuti ndicho ntchitoyo. Funso limene ndingakonde kuti mukafunse m'kalasi mwanu ndi lakuti, kodi ndi ntchito ziti zimene zikanavuta kapena kulephereka munthuyu akanapanda kuchita kafukufuku wake? Mukayankha funso limenelo mudzamvetsanso chifukwa chimene a Horrocks anasankhidwira kukhala membala wa Royal Society, bungwe la asayansi odziwika la ku Britain, m'chaka cha 2011.

FUNSO: Ine ndimagwira ntchito m'laibulale ya koleji ina, ndipo chaka chilichonse ndimapemphedwa kusonkhanitsa mapepala a aphunzitsi amene akufuna kukwezedwa pa ntchito. Ndaona kuti akatswiri otchuka a Semantic Web salemba okha, ndipo pepala limodzi limakhala ndi maina atatu, asanu, mwinanso khumi. Komiti yathu imakonda kupereka mapointi ochuluka kwa amene walemba yekha kapena amene dzina lake lili poyamba. Kodi pa mapepala a anthu ambiri chonchi tingadziwe bwanji amene anagwiradi ntchito?
Mayi wa ku Chilenje

YANKHO: Amayi, mwafunsa funso limene likuvutitsa makomiti ambiri, ndipo ndiyamba ndi kukupemphani kuti mukaichenjeze komiti yanu za dzina loyambalo. M'nthambi za makompyuta zimene zayandikana ndi masamu, olemba nthawi zambiri amandandalika maina awo motsata alifabeti. Taonani maina a Berners-Lee, Hendler ndi Lassila pa nkhani ya 2001 ija, kapena a Horrocks, Kutz ndi Sattler pa pepala la 2006, muona kuti akutsatana monga mwa zilembo zoyambirira. Komiti imene ingawerenge mapepala oterowo ndi lamulo la zachipatala, kumene dzina loyamba limasonyeza amene anagwira ntchito yambiri ndipo lomaliza limasonyeza mkulu wa gulu, idzalanda ulemu munthu amene cholakwa chake n'kubadwira m'banja la a Zulu kapena a Zimba n'kuupereka kwa a Banda. Chinanso n'chakuti m'sayansi ya makompyuta mapepala ofunika kwambiri amatuluka pa misonkhano imene imasefa zolemba mwamphamvu, monga International Semantic Web Conference imene inayamba m'chaka cha 2002, kotero kuti kuwerengera majenale okha kumasiya kunja gawo lalikulu la ntchito ya munthu.

Tikabwera pa kuchuluka kwa maina, chifukwa chake chili mu mtundu wa ntchitoyo. Chilankhulo cholumikizira makompyuta sichingakhale cha munthu mmodzi, popeza phindu lake lonse lagona pa kuvomerezedwa ndi anthu ambiri. Pepala la m'chaka cha 2003 lofotokoza momwe OWL inapangidwira linalembedwa ndi a Horrocks a ku Manchester, a Peter Patel-Schneider a ku Bell Labs ku America, ndi a van Harmelen a ku Vrije Universiteit ku Amsterdam, ndipo kufunika kwake kunali kwakuti anthu atatu ochokera m'magulu osiyana anagwirizana chimodzi pa nkhani imene inali ndi mikangano. Mikanganoyo inali yeniyeni. Ena ankafuna chilankhulo chomasuka chimene aliyense anganenemo chilichonse monga momwe Web ilili, pamene ena ankaumirira kuti pakhale malire kuti pulogalamu yolingalira izitsimikizika kuti imaliza ntchito yake, ndipo n'chifukwa chake OWL ya 2004 inatuluka m'mitundu itatu, Lite, DL ndi Full. Munthu amene anakhala m'misonkhano imeneyo zaka zingapo, kulemba, kufufuta ndi kuyankha madandaulo a makampani, anagwira ntchito yolemetsa imene kawerengedwe ka mapointi sikaiona.

Ndikupemphani muyang'anenso kutalika kwa mgwirizano. A Horrocks ndi a Sattler analembera limodzi mapepala kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo masamu awo ankakula kuchokera pa pepala lina kupita pa lina mpaka kufika pa SROIQ. Mapulogalamu nawonso anali a magulu: FaCT++ anaikonza ndi a Dmitry Tsarkov, ndipo HermiT inachokera m'ntchito yawo ndi a Motik ndi a Rob Shearer. Mukaona wofufuza amene anzake omwewo amabwerera kwa iye chaka ndi chaka, ndipo ophunzira ake akupita kukayambitsa magulu awoawo, mwapeza umboni wolimba kuposa pepala lolemba yekha. Zosiyana ndi zimenezi ndi munthu amene dzina lake limangotulukira kamodzikamodzi pa mapepala a nkhani zosagwirizana, lero za ulimi, mawa za mabanki, ndipo mukamufunsa kuti afotokoze njira imene inatsatidwa pa pepala lina amasowa chonena. Mchitidwe wolemba dzina la bwana pa pepala limene sanaligwirepo ulipo, ndipo umapweteka kwambiri ofufuza achinyamata amene sangathe kukana.

Za h-index, chiwerengero chimene a Jorge Hirsch anayambitsa m'chaka cha 2005, dziwani kuti munthu amakhala ndi 20 ngati ali ndi mapepala 20 amene lililonse latchulidwa maulendo osachepera 20. N'chosavuta kuwerengera, koma chimakondera achikulire pa ntchito ndi nthambi zokhala ndi ofufuza ambiri, ndipo sichisiyanitsa wotchulidwa pomuyamikira ndi wotchulidwa pomutsutsa. Chikalata cha DORA, chimene chinayambira pa msonkhano wa ku San Francisco m'chaka cha 2012, chimalimbikitsa kuti ntchito ya wofufuza iziyezedwa poiwerenga yeniyeniyo m'malo modalira kutchuka kwa jenale imene yatulukiramo. Chimene mungachite pa desiki yanu n'kupempha mphunzitsi aliyense kuti asankhe mapepala ake atatu kapena anayi, alembe m'mawu ochepa gawo limene iye anachita pa lililonse, ndipo atchule amene akugwiritsa ntchito zotsatira zake. Majenale ambiri tsopano amatsata ndondomeko ya CRediT, imene imagawa ntchito ya pepala m'maudindo 14, monga kuyambitsa ganizo, kulemba pulogalamu, kusanthula ndi kuyang'anira. Alimbikitseninso kuti akhale ndi nambala ya ORCID, yozindikiritsa wofufuza aliyense payekha, chifukwa m'dziko limene a Phiri, a Banda ndi a Tembo ndi ochuluka chonchi, mapepala a anthu awiri osiyana amasakanikirana mosavuta.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito, kwathu ndi ku Katete koma ndakhala ku Matero zaka zambiri. Mdzukulu wanga amandiuza za makompyuta odziwa matanthauzo a zinthu, koma maina onse amene amatchula ndi a ku Ulaya ndi ku America. Kodi ife olankhula Chichewa tili ndi gawo pa nkhani imeneyi, kapena tidzangolandira zimene ena atikonzera?
Mphunzitsi wopuma, Matero

YANKHO: Atate, gawo lilipo, ndipo ndi gawo limene katswiri wa ku Oxford sangatigwirire ngakhale atafuna. Masamu amene ndafotokoza poyankha mnyamata wa ku Kalingalinga amangotsimikiza kuti kompyuta itsata malamulo molondola, koma sasankha malamulowo. Ontology ya ubale yolembedwa motsata Chingerezi imaika mlongo wa mayi ndi mbale wa bambo m'gulu limodzi, pamene inu mukudziwa bwino kuti kwathu malume ndi mwini mbumba, amene mawu ake amamveka pa ukwati, pa maliro ndi pa nkhani za ufumu, ndipo mbale wa bambo ndi bambo aakulu kapena aang'ono. Ana a malume ndi asuweni, koma ana a bambo aang'ono ndi abale enieni. Pulogalamu yosunga makaundula a mabanja kapena a malo ikamangidwa pa ndondomeko yachilendoyo, idzalingalira mosalakwitsa n'kufika pa yankho limene nkhoswe iliyonse ya ku Katete ingalikane. Kulemba ndondomeko yolondola kumafuna anthu odziwa mwambo monga inu, atakhala pansi ndi achinyamata odziwa OWL.

Mbali ya chilankhulo yayamba kale kufufuzidwa mu Africa muno. A Maria Keet, ali ku yunivesite ya Cape Town, mogwirizana ndi katswiri wa zilankhulo a Langa Khumalo, anafufuza momwe kompyuta ingasandutsire malamulo a ontology kukhala ziganizo za Chizulu, ndipo a Joan Byamugisha anachita ntchito yofananayo pa chilankhulo cha Runyankore cha ku Uganda. Anapeza kuti njira imene imagwira ntchito m'Chingerezi, yokonzeratu chiganizo chokhala ndi mipata n'kumangolowetsamo maina, imalephera m'zilankhulo zathu chifukwa cha magulu a maina. Inu monga mphunzitsi mukuona msanga chifukwa chake: timati munthu aliyense, mudzi uliwonse, chipatala chilichonse, boma lililonse, nyumba iliyonse, ndipo mneni wotsatira nayenso amasintha mogwirizana ndi dzinalo. Kompyuta iyenera kudziwa gulu la dzina lililonse isanalembe chiganizo ngakhale chimodzi. Taonani kuti ntchito imeneyi inatheka chifukwa katswiri wa makompyuta ndi katswiri wa chilankhulo anagwirira limodzi, aliyense atabweretsa chimene mnzake analibe.

Khomo lotseguka kwambiri lero ndi Wikidata, nkhokwe ya mfundo ya pa intaneti yotseguka kwa aliyense, imene inayamba mu Okutobala 2012 motsogozedwa ndi a Denny Vrandečić, amene kale anakonza Semantic MediaWiki pamodzi ndi a Markus Krötzsch ku Karlsruhe. Wikidata ili ndi zinthu zoposa 100 miliyoni, chilichonse ndi nambala yake: Zambia ndi Q953 ndipo Malawi ndi Q1020. Nambalayo siidalira chilankhulo, ndipo pambali pake aliyense akhoza kulembapo dzina ndi kufotokoza kwachidule m'chilankhulo chake, kuphatikizapo chathu, chimene chizindikiro chake ndi ny. Kuyambira m'chaka cha 2018 Wikidata imalandiranso mawu a zilankhulo ndi masinthidwe ake, ndipo m'chaka cha 2020 bungwe la Wikimedia linavomereza ntchito ya Abstract Wikipedia, imene cholinga chake n'chakuti nkhani ilembedwe kamodzi m'njira yosadalira chilankhulo kenako makompyuta aitulutse m'zilankhulo zambiri. Ngati ntchitoyo ingadzatiyendere bwino m'Chichewa, zidzadalira kuti maina athu ndi magulu ake alowetsedwemo ndi anthu odziwa galamala, osati ongoyerekeza. Chitsanzo china chotiyandikira ndi AGROVOC, mndandanda wa mawu a zaulimi wa bungwe la FAO, umene uli ndi mfundo zoposa 40,000 m'zilankhulo zambiri kuphatikizapo Chiswahili.

Mbiri ya muno mu Lusaka ikutikumbutsanso kuti sitinayambe lero. ZAMNET, imene inalumikiza Zambia ku intaneti m'chaka cha 1994, inachokera ku yunivesite ya Zambia, ndipo dziko lino linali limodzi mwa oyambirira kum'mwera kwa Sahara kuchita zimenezo. Chimene ndimadera nkhawa ndi mtundu wa migwirizano imene ofufuza athu amalowamo. Mnzathu wakunja akabwera ndi ndalama ndi mafunso ake okonzeratu, ife n'kungomusonkhanitsira mawu ndi kumutanthauzira, dzina lathu limathera m'ndime yothokoza ndipo luso lokonza ontology limabwerera kumene linachokera. Mgwirizano woyenera ndi umene wofufuza wa kuno amakhalapo posankha funso, ophunzira a kuno amaphunzira kulemba ndi kuyesa ndondomekoyo, ndipo zosonkhanitsidwazo zimasungidwa pamene eni chilankhulo angazifike. Zimenezi ziyenera kulembedwa m'pangano ntchito isanayambe, chifukwa ikatha palibenso mphamvu yokambirana.

Inuyo mukafuna kuyamba, khalani ndi mdzukulu wanuyo mutsegule Wikidata, mufufuze malo amene mukuwadziwa bwino a ku Katete, ndipo pamene dzina kapena kufotokoza kwa Chichewa kulibe mulembepo. Mfundo iliyonse muipatse umboni wa buku, nyuzipepala kapena chikalata cha boma, popeza mfundo yopanda umboni ena akhoza kuikayikira kapena kuichotsa. Za Kulamba, mwambo umene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhanira ku Mkaika mu Ogasiti pamaso pa Kalonga Gawa Undi, pali zambiri zoyenera kulembedwa m'chilankhulo cha eni ake, chimodzimodzinso za Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulengeza m'chaka cha 2005 kukhala chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Koma dziwani kuti zonse zolowa mu Wikidata zimakhala zaulere kwa aliyense pansi pa chilolezo cha CC0, kutanthauza kuti kampani iliyonse ikhoza kuzikopera osapempha, ndipo zikafalikira sizingabwezedwenso. Pa chifukwa chimenechi, lembani zokhazo zimene zimanenedwa poyera pabwalo, ndipo za kudambwe ndi za kutsimba muzisiye m'manja mwa eni mwambo. Pamene mukukayika ngati nkhani ina ndi ya pabwalo kapena ayi, yambani mwafunsa mafumu ndi anamkungwi musanailembe.